Za Lone Ranger, Tonto ndi Matt Dillon: kodi masewero a makauboyi apawailesi aja amanena zoona?

Funso ili lachokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito yaulonda ku Joni, ndalidulako pang'ono poti linali lalitali:

"Usiku kuti tulo tisandibe ndimamvera masewero akalekale apawailesi a ku America pa YouTube, makamaka The Lone Ranger ndi Gunsmoke, ndipo chizungu changa chayamba kusintha. Koma kodi zimenezi zinachitikadi? Ma Red Indian aja analidi anthu ankhanza omangoukira alimi osalakwa? Nanga bwanji Tonto amayankhula chizungu chothyokathyoka chikhalirecho amayenda ndi mzungu tsiku ndi tsiku? Ndili ndi mwana wa zaka 11 kumudzi, ndingamamutumizire?"

Zikomo achimwene, pepaninso ndachedwa kuyankha, funso lanuli silofunika kuyankha uli chiimire. Ine masewero amenewa ndinayamba kuwamvera pofuna kuphunzira kalembedwe ka sewero lapawailesi basi, kenako mbiri yakumbuyo kwake inandikoka mpaka lero sindinatulukemo. Mwachidule nditere: malo ake ndi enieni, mayina a mitundu ndi enieni, nkhondo zinachitikadi, koma Lone Ranger, mnzake Tonto ndi Matt Dillon wa mu Gunsmoke sanakhaleko padziko pano, ndipo chilungamo chimene mukumva mmenemo ndi cha pakati pa anthu obwera okhaokha. Mlandu waukulu uja, woti kodi malo akulimbiranawo mwini wake anali ndani, sulowa mkhothi olo tsiku limodzi.

Tiyambe takonza dzina kaye. Ife tikamva "Indian" timaganiza amwenye amasitolo aku Limbe, koma awa ndi anthu ena. Columbus atafika mu 1492 ankaganiza kuti wafika ku India ndiye dzina linangokakamira, ndipo loti Red Indian lo eni akewo amalimva ngati chipongwe. Si mtundu umodzinso ayi, ndi mitundu mazanamazana yazilankhulo zosamvana, a Lakota, a Cheyenne, a Comanche, a Apache, a Pawnee ndi ena ambiri, ena ankalima chimanga ndi nyemba ndi maungu, ena ankatsata njati pa hatchi, enanso anali adani enieni pakati pawo. Ine muno ndiziti eni nthaka kapena kutchula mtundu wake.

The Lone Ranger inayamba mu January 1933 pa wailesi ya WXYZ mumzinda wa Detroit. Mwini wailesiyo George W. Trendle anali munthu wabizinesi, ankafuna pulogalamu yotchipa yoti ikope ana, nthawi imeneyo America ili pa umphawi woopsa anthu alibe ntchito, ndiye wolemba wake Fran Striker nkumangokhetsa masewero atatu pa sabata ngati chigayo. Ngakhale nyimbo yotsegulira ija mumaimva ngati hatchi ikuthamanga ndi ya Rossini wa ku Italy yachikalekale, anaisankha chifukwa inali yosalipira. Sewerolo linayenda mpaka 1954, magawo 2,956. Detroit tu ndi mzinda wa mafakitale a galimoto kumpoto uko kufupi ndi Canada, kutali kwambiri ndi Texas kumene nkhaniyo imati ikuchitikira, ndiye dziwani kuti amene ankalemba sanali anthu okumbukira zimene anaona, anali anthu amuofesi okhala ndi wotchi pakhoma ndi kampani ya buledi yodikira kuti malonda ake atchulidwe.

Nde za Tonto. Mmagawo oyambirira kunalibe Tonto. Vuto linali loti pawailesi munthu akakhala yekha palibe chimene omvera akudziwa, sangamangoyankhula ndi hatchi mphindi 30, ndiye pa gawo la 11 anamupangira mnzake woti azimufotokozera mapulani kuti ife timve nawo. Tonto anabadwa choncho, ngati khutu. Amene ankamuyankhulira pafupifupi zaka zonsezo ndi John Todd, mzungu wachikulire amene anakulira mmasewero a Shakespeare, munthu wodziwa chizungu kuposa onse mu studio mo, koma pepala limamuuza kuti azidula mawu, aziti "me" pamalo pa "I", azingoti "ugh" apo ndi apo. Ndiye yankho la funso lanu ndi loti chizungu cha Tonto sichinathyoke chokha, anachithyola dala. Pawailesi nkhope kulibe, khungu silioneka, nthenga zakumutu sizioneka, chimene chimauza womvera kuti uyu ndi ndani ndi mawu basi. Ife tomwe timazidziwa izi, mmasewero athu akafuna kuonetsa kuti munthu ndi wobwera kapena ndi wotsalira amamupatsa Chichewa chopindika anthu nkumaseka asanamve nkomwe zimene akunena. Pomwe Lone Ranger yo olemba anali ndi lamulo loti aziyankhula chizungu chowongoka, osatukwana, osamwa, osasuta, osawombera kuti aphe. Mukaika awiriwa pamodzi zaka 21, mwana womvera amangodziwa yekha kuti wanzeru ndi uti wotumidwa ndi uti, ngakhale kuti mu nkhanimo amene anapulumutsa mnzake ndi Tonto: gulu la Butch Cavendish litawabisalira ma Texas Ranger, apolisi apahatchi a ku Texas, nkuwapha, Tonto ndi amene anapeza mmodzi akupumabe nkumusamala mpaka kuchira, ameneyo ndiye anadzakhala Lone Ranger wovala chigoba kumaso. Amene amawerenga mapazi pansi ndi Tonto, amene amapita mtauni kukamvera nkhani nkumenyedwako ndi Tonto, koma pamapeto anthu amafunsa za munthu wachigoba uja basi.

Munthu weniweni wokhala mmalo ngati a Tonto nthawi imeneyo akanakhala kuti amayankhula chilankhulo chakwao, chizungu, mwina chi Spanish, kuphatikizapo chilankhulo chamanja chimene mitundu yakuzigwa inkagwiritsa ntchito pochita malonda. Mzungu wachigobayo ndi amene akanakhala wachilankhulo chimodzi.

Palinso kena koseketsa komvetsa chisoni. Pawailesi ankati Tonto ndi wa mtundu wa Potawatomi. A Potawatomi kwao ndi kunyanja zikuluzikulu zakumpoto, Michigan, Indiana, Wisconsin, osati Texas, olembawo anangotola dzina limene ankalimva kwao ku Michigan. Mawu oti kemo sabe, amene Tonto amamuitanira Lone Ranger, nawo anachokera ku dzina la kampu ya anyamata ku Michigan komweko. Koma a Potawatomi enieniwo ali ndi mbiri yawo imene seweroli silinaikhudze: mu 1838 asilikali anasamutsa anthu 859 kuchokera ku Indiana kupita ku Kansas, ulendo wa miyezi iwiri, oposa 40 anafera mnjira ambiri mwa iwo ana. Chaka chomwecho a Cherokee nawo anayamba kuthamangitsidwa kwao ndipo anafa pafupifupi 4,000. Zonsezi zinachokera pa lamulo la 1830 la Pulezidenti Andrew Jackson lochotsa eni nthaka kummawa. Ndipo mu chi Spanish mawu oti tonto amatanthauza chitsiru, mpaka atamasulira nkhaniyi kumayiko oyankhula chi Spanish anamusintha dzina kukhala Toro.

Tsono ndisanamizire seweroli, The Lone Ranger sikuti nthawi zonse imati eni nthaka ndi oipa ayi. Mukamvetsera bwino muona kuti kawirikawiri woipa amakhala mzungu, wogulitsa mfuti ndi kachasu, kapena mbava zovala nthenga kuti mlandu ugwere eni nthaka, kapena wogwira ntchito m'boma wakuba chakudya chawo. Lone Ranger amamugwira, mfumu imathokoza, nkhondo yalephereka, nyimbo nkulira. Koma taonani chimene chimachitika pambuyo pake: ngolo za obwera zipitiriza ulendo, njanji ipitirira kumangidwa, waya wa telegalafu ukokedwa. Ndiye kuti mwini nthaka wabwino ndi amene wapatuka panjira, woipa ndi amene wakana. Apa ndi pamene pali bodza lenileni, osati pa mivi ndi mfuu zija.

Alimi aja anali osalakwa? Ambiri payekhapayekha anali amphawi ndithu, ena othawa njala ku Ireland, ena ochokera ku Germany, Norway, Sweden, ena akapolo omasulidwa kumene. Mu 1862 boma la Abraham Lincoln linakhazikitsa Homestead Act, loti aliyense atha kutenga maekala 160, akhalepo zaka 5 akulima, malowo akhala ake. Munthu amene kwao analibe olo kadimba atamva zimenezo akanakana? Koma malowo boma linkagawa ngati ndi tchire lopanda mwini. Amene munamva mbiri ya Thyolo ndi Mulanje, mmene mapepala a Harry Johnston anasandutsira minda ya anthu kukhala maesiteti eni ake nkusanduka athangata, simuvutika kumvetsa, kungoti ku America obwerawo anali mamiliyoni ndipo sanabwerere.

Mapangano analipo, olembedwa, osainidwa. Lotchuka ndi la ku Fort Laramie mu 1868 limene linati mapiri a Black Hills ndi a Lakota. Mu 1874 gulu la asilikali a George Custer linalengeza kuti mmapirimo muli golide, anthu anakhamukirako, boma linafuna kugula eni ake anakana, nde nkhondo. Pa 25 June 1876 ku Little Bighorn ankhondo a Lakota ndi Cheyenne, a Sitting Bull ndi a Crazy Horse ali mmenemo, anapha Custer ndi onse amene anali naye. Chaka chotsatira boma linangolanda mapiriwo. Zaka zoposa 100 pambuyo pake, mu 1980, khothi lalikulu la America linavomereza kuti kulandako kunali kosatsata lamulo nkugamula chipukutamisozi cha madola oposa 100 miliyoni, a Lakota anakana kulandira, akuti malowo sanali ogulitsa, ndalamazo zili chikhalire zikungoswana zinadutsa kale 1 biliyoni, chonsecho madera awo ndi ena mwa osaukitsitsa mu America monse. Nkhani imeneyo ndi yachilungamo chakumalire kuposa zonse zimene Lone Ranger anachita ndi zipolopolo zake zasiliva.

Nkhanza za eni nthaka nazo zinalipo, tisabise. A Comanche ankaukira midzi ya ku Texas ndi Mexico, kupha, kutenga mahatchi, kugwira ana. Cynthia Ann Parker anagwidwa ali kamtsikana mu 1836, anakulira komweko, nkubereka Quanah Parker amene anadzakhala mtsogoleri wawo wotchuka, ndipo ma Texas Ranger atamubweza kwa azungu mu 1860 sanasangalale mpaka imfa yake, ankafuna kubwerera kwa ana ake. Ku Minnesota mu 1862 a Dakota anapha obwera mazanamazana kuphatikizapo amayi ndi ana, koma zinayamba iwo atapanikizidwa pakamalo kakang'ono, ndalama ndi chakudya zimene boma linalonjeza zitachedwa, njala ili pakhosi, wamalonda wina nkuwauza kuti akadye udzu. Itatha nkhondoyo asilikali anaweruza anthu 303 kuti anyongedwe, milandu ina inkatenga mphindi zosakwana 5, Lincoln anachepetsa chiwerengerocho, pa 26 December 1862 anthu 38 anapachikidwa nthawi imodzi ku Mankato. Mbali inayo, pa 29 November 1864 ku Sand Creek, Colorado, asilikali a John Chivington anagwera msasa wa a Cheyenne ndi Arapaho a mfumu Black Kettle amene anali atakweza mbendera ya America kusonyeza mtendere, anapha anthu oposa 150 ambiri amayi, ana ndi okalamba, Chivington sanalangidwe, pomwe kaputeni Silas Soule amene anakana kuwombera nkukachitira umboni anaphedwa mumsewu ku Denver miyezi yochepa pambuyo pake. Mukaika Mankato ndi Sand Creek pamodzi mwaona sikelo yake mmene inkapendekera.

Tibwere ku Gunsmoke, imene ine ndimaikonda, ndivomere. Iyi inayamba pa wailesi ya CBS mu April 1952 mpaka June 1961, opanga ake Norman Macdonnell ndi John Meston, ndipo anachita kunena kuti akufuna sewero la akuluakulu lotsutsana ndi zamakauboyi oyera mtima zija. Matt Dillon wake, US Marshal wosungitsa lamulo mtauni ya Dodge City ku Kansas, ankamuyankhulira William Conrad, bambo wamawu ochokera pansi pamimba, amene sewerolo litayambanso pa TV mu 1955 anamusiya poti thupi lake linali lonenepa nkutenga James Arness wamtali uja, umboni woti pawailesi munthu amaoneka mmene mawu ake akumvekera. Dillon wapawailesi ndi munthu wotopa, wosungulumwa, nthawi zina amafika mochedwa munthu atanyongedwa kale ndi gulu, nthawi zina amagwira wolakwa koma mboni nkuthawa, pena gawo limangotha iye ndi womuthandiza wake Chester akukwirira mtembo. Chester ankasewera Parley Baer, Doc anali Howard McNear, Kitty anali Georgia Ellis, ndipo ntchito ya Kitty mu bala muja saitchula koma wamkulu aliyense amaimva. Usiku wina mukakhala pageti tsekani maso, kwakanthawi kokha musachotsedwe ntchito, mumvetsere zakumbuyo kwa mawu: nsapato pathabwa, chitseko, chikopa cha chishalo chikulira, galu kutali, anthu akung'ung'udza mu bala. Anthu a zamaphokoso ake, Ray Kemper, Tom Hanley ndi Bill James, ankaunjika maphokoso atatu anayi nthawi imodzi, ndipo olemba sankaopa kusiya chete. Amene tinakula tikumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC timadziwa kuti chitseko chimodzi chikalira bwino nyumba yonse umaiona.

Pa nkhani ya eni nthaka Gunsmoke inayesetsa kuposa anzake. Muli magawo amene wankhanza ndi msilikali wofuna kutchuka, kapena mzungu wonyoza mnzake chifukwa anakwatira mkazi wachi Cheyenne kapena wachi Arapaho, ndipo Dillon amaoneka kuti akudziwa kuti anthuwa alakwiridwa. Macdonnell yemweyo mu 1956 anapanganso pulogalamu ina yotchedwa Fort Laramie, Raymond Burr akusewera kaputeni Lee Quince, imene inakhala chaka chimodzi chokha koma imakamba poyera za mapangano ophwanyidwa ndi njala yamma rizevu, malo aja boma linkawaunjikamo, amene munakhalako ku Zimbabwe mawu oti ruzevha mukuwadziwa. Koma ngakhale apa, nkhani ndi ya mzungu wachifundo, ife timamvera chisoni iyeyo poona mmene zikumupwetekera mumtima, eni akewo amalowa, kuyankhula mawu awiri atatu olemera ndi mawu a mzungu wina wa ku Hollywood, nkutuluka.

Komanso funsani kuti Dodge City yo inakhalapo bwanji. Tauniyi inayamba mu 1872 njanji ya Santa Fe itafika, ndipo bizinesi yake yoyamba sinali ng'ombe ayi, inali zikopa za njati. Alenje ankapha njati mazana patsiku, kusenda, nyama nkuisiya iwole, zikopa nkukweza sitima kupita kumafakitale kumene zina ankapangira malamba oyendetsa makina. Njati zimene zinali mamiliyoni makumi angapo, pofika kumapeto kwa ma 1880 zinatsala zosakwana 1,000 zakutchire. Kwa a Cheyenne, a Kiowa ndi a Comanche njati inali chakudya, chofunda, nyumba, zingwe, zonse, ndiye itatha panalibenso chifukwa chowathamangitsa ndi mfuti, njala inawapititsa yokha ku rizevu. Ofesi ya Matt Dillon yamangidwa pamwamba pa zimenezo. Iye akuweruza kuti ng'ombe iyi ndi ya ndani, chitsime ichi ndi cha ndani, koma tsiku limene akuyamba ntchito kuba kwakukulu kunali kutachitika kale.

Za kuwomberana pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo nazo nzokokomeza. Wolemba mbiri Robert Dykstra anawerenga anthu ophedwa mmatauni asanu a ng'ombe a ku Kansas kuyambira 1870 mpaka 1885 anapeza 45 okha, ku Dodge City 15 pa zaka 10 za malonda a ng'ombe. Poyerekeza ndi kuchepa kwa anthu ake chiwerengerocho nchachikulu ndithu, ndipo chaka choyamba tauni isanakhale ndi apolisi kunali magazi, koma Dillon yekha pawailesi anapha anthu ochuluka kuposa pamenepo. Dodge yeniyeni inali ndi lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti mtauni, chithunzi cha chikwangwani chake chilipo mpaka lero, ndipo anthu ngati Wyatt Earp ndi Bat Masterson amene anagwiradi ntchito yachitetezo kumeneko nthawi zambiri ankangogogoda zidakwa ndi chitsulo cha mfuti pamutu nkukazitsekera. US Marshal weniweninso sinali ntchito yake kulondera mabala, iye anali wa makhothi a boma lalikulu, kupereka masamoni, kuperekeza akaidi, zamapepala zambiri. Chinanso chimene wailesi inachifufuta ndi mtundu wa makauboyi enieniwo, pakati pawo panali akuda ndi a ku Mexico ambirimbiri. Bass Reeves, amene anabadwa kapolo, anakhala wachiwiri kwa marshal zaka zoposa 30 ku dera limene lero ndi Oklahoma, poyamba pansi pa jaji Isaac Parker wa ku Fort Smith amene pa nthawi yake ananyongetsa anthu 79. Pa intaneti muona anthu akulemba kuti Reeves ndiye Lone Ranger weniweni, zimakoma kumva koma umboni woti a ku Detroit aja ankamuganizira palibe. Ma Texas Ranger nawo mbiri yawo si yoyera ngati chipewa cha Lone Ranger, mu January 1918 ku Porvenir iwo ndi anzawo anatulutsa amuna ndi anyamata 15 amtundu wa chi Mexico mnyumba usiku nkuwawombera, zaka 15 zokha The Lone Ranger isanayambe.

Ngati mukufuna mlandu weniweni wa mwini nthaka mkhothi la azungu, nawu, ndipo inu muli ku Joni muumva msanga. Mu 1877 boma linasamutsa a Ponca kuchoka kwao ku Nebraska kupita ku Oklahoma ya lero, mtunda wa makilomita mazanamazana, ambiri anafa ndi malungo ndi njala atafika. Mmodzi mwa omwalira anali mwana wamwamuna wa mfumu Standing Bear, ndipo asanatsirizike anapempha bambo ake kuti akamuike kwao pafupi ndi makolo. Mukudziwa mmene timasonkherana kuti thupi la mnzathu lisagone kuchilendo, ndi zomwezo. Mu January 1879, chisanu chili pachimake, mfumuyo inanyamula mafupa a mwana wake pangolo ndi anthu ake pafupifupi 30 nkuyamba ulendo wobwerera, boma linalamula kuti amangidwe chifukwa achoka pa rizevu opanda chilolezo. Amene anatumidwa kukawagwira, General George Crook, zinamukhudza, mtolankhani wina wa ku Omaha anaibukitsa nkhaniyo, maloya awiri anadzipereka ulere. Loya wa boma anaima mkhothi nkunena kuti mwini nthaka si munthu pamaso pa lamulo ndiye sangasumire boma. Pa 12 May 1879 jaji Elmer Dundy anagamula kuti ndi munthu, amasulidwe. Tangoganizani, nthawi yomweyo imene nkhani za Matt Dillon zikuti zikuchitika, khothi linali likukambirana ngati Tonto ndi munthu kapena ayi. Unzika wa America eni nthaka onse anadzaupeza mu 1924, zaka 9 zokha Lone Ranger asanayambe kukuwira hatchi yake Silver.

Ndipo sizinali zakale zokha. Lamulo la Dawes la 1887 linaduladula malo a mitundu kukhala timapuloti ta munthu mmodzimmodzi otsala nkugulitsa kwa azungu, moti kuchoka pa maekala 138 miliyoni pofika 1934 anatsala ndi 48 miliyoni. Ana ankatengedwa kupita kusukulu zogonera ngati ya Carlisle imene inatsegulidwa mu 1879, kumetedwa tsitsi, kusinthidwa mayina, kumenyedwa akayankhula chilankhulo chakwao, ndiye taganizirani mwana woteroyo atakula nkutsegula wailesi kumva mzungu akuyerekeza chizungu chake. Mu 1953, Gunsmoke ili ndi chaka chimodzi, nyumba yamalamulo ya America inayamba ndondomeko yothetseratu mitundu ina pamaso pa boma, uku boma likulimbikitsa anthu kuchoka mma rizevu kupita kumizinda ngati Chicago ndi Los Angeles. Omvera ankakhala pabalaza kumvera za eni nthaka ngati anthu amene anatha kalekale pomwe mwina wina anali kuseri kwa nyumba yawo akufuna ganyu. Alipobe mpaka lero, mitundu yoposa 570 imene boma limaivomereza, ena ali ndi mawailesi awoawo oulutsa mzilankhulo zawo, ngati KTNN ya a Navajo ndi KILI ya a Lakota ku Pine Ridge.

Za mwana uja. The Lone Ranger mutumizireni, inalembedwera ana amsinkhu wakewo, mulibe zolaula, chizungu cha wolengeza ndi cha Lone Ranger nchomveka bwino ndipo samathamanga, kungoti mumuchenjeze asatengere cha Tonto angakalembe "me go town" pamayeso a Sitandade 8 aphunzitsi nkumudula. Mukamaimbirana pa WhatsApp muzimufunsa timafunso, monga kuti amene anapeza mapazi a mbava ndani, nanga amene anathokozedwa ndani, kapena kuti alimi aja asanabwere pamalopo pankakhala ndani, ana amaona msanga kuposa ife, ndipo nkhani ya Standing Bear mumuuze ndi pakamwa panu mChichewa. Gunsmoke ayi, adikire kaye afike ku sekondale, muli kunyongana, kugwiririra kotchulidwa mozungulira, anthu odzipha, komanso makope ambiri amene ali pa intaneti anasiyamo malonda a ndudu za Chesterfield ndi L&M mmene ochita sewero omwewo akutamanda fodya ngati mankhwala. Inuyo mukatopa ndi Dillon yesani Fort Laramie ija, kapena Frontier Gentleman ya 1958 imene John Dehner akusewera mtolankhani wochokera ku London woyendayenda kumadzulo, poti iye ndi mlendo amafunsa mafunso ngati anuwa. Ndipo musamathe bandulo ndi YouTube, pitani pa Internet Archive mukatsitse ma mp3 ake mukapeza WiFi, gawo limodzi la mphindi 30 ndi kafayilo kakang'ono koti kupita kumudzi pa WhatsApp sikavuta.